Nthano ndi Mwini Wake: Phunziro la Mafilimu a Disney a 1989 mpaka 1999

Madzulo ano tikambirana za kampani imodzi ya ku Hollywood, ya Walt Disney, ndi mafilimu khumi a makatuni amene inatulutsa kuyambira 1989 kufikira 1999. Ndikudziwa kuti ena mumtima mukuti makatuni ndi zoseweretsa ana. Mundilole ndikuonetseni kuti m'zaka khumi zimenezi muli phunziro la aliyense amene amalemba, amaimba, amajambula kapena amapanga zisudzo.

Tiyambe tawatchula mafilimuwo. Mu 1989 kunatuluka The Little Mermaid, mu 1990 The Rescuers Down Under, mu 1991 Beauty and the Beast, mu 1992 Aladdin, ndipo mu 1994 The Lion King. Kenako kunabwera Pocahontas mu 1995, The Hunchback of Notre Dame mu 1996, Hercules mu 1997, Mulan mu 1998, n'kutsekera ndi Tarzan mu 1999. Kampaniyi inkatulutsanso mafilimu a anthu enieni, monga Pretty Woman mu 1990 ndi Sister Act mu 1992, pogwiritsa ntchito dzina la Touchstone. Koma amene anaibwezera ulemerero wake ndi khumi ndatchulawa, ndipo ndi amene tikhalepo.

Ine The Lion King ndinaionera koyamba m'kanyumba ka vidiyo, kaja kotchinga ndi nsalu yakuda pakhomo. Masiku amenewo dziko lathu linalibe wailesi yakeyake ya kanema, poti TVM inadzayamba mu 1999. Tinali titathinana pa mabenchi, ana ambiri osamva Chingerezi n'komwe, phokoso lili wowowo. Ndiye panafika paja nyumbu zikutsetsereka m'chigwa, fumbi lili koboo, kamwana ka mkango katakakamira ku nthambi ya mtengo wouma. Fumbi litatha, kanapeza bambo ake ali gone. Kanawakoka khutu kuti adzuke, koma ayi ndithu. Kenako kanadzilowetsa kunsi kwa dzanja lawo n'kugona pomwepo. M'kanyumba monse munangoti zii. Panalibe wofunsa mnzake kuti akuti chiyani, chifukwa maliro safuna womasulira. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kudziwa kuti anthu amenewa luso lotere analitenga kuti.

Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Walt Disney, mwini dzina, ndiye anapanga Snow White and the Seven Dwarfs mu 1937, filimu imene inatsimikizira dziko kuti makatuni angathe kunyamula nkhani yaitali. Iye anamwalira mu Disembala 1966. Mtengo waukulu utagwa, otsala ankangofunsana kuti malemu akanatani, ndipo ntchito inayamba kuzirala. Akatswiri akale anali kupuma mmodzimmodzi. Mu 1979 Don Bluth anachoka pamodzi ndi gulu la ojambula anzake n'kukayambitsa kampani yawo. Mu 1985 kunatuluka The Black Cauldron, imene inatenga zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, koma ku America inangopeza madola pafupifupi 21 miliyoni, osabweza n'zimene inadya zomwe. Anthu anayamba kunena poyera kuti nthawi ya makatuni a Disney yatha.

Utsogoleri unali utasintha mu 1984. Michael Eisner ndi Frank Wells ndiwo anatenga chiwongolero, Jeffrey Katzenberg n'kupatsidwa mbali ya mafilimu. Roy E. Disney, mwana wa mkulu wake wa Walt, anachonderera kuti nthambi ya makatuni isatsekedwe, ndipo anaiyang'anira yekha. Ngakhale zinali choncho, ojambula anawasamutsa m'nyumba yawo yakale ku Burbank n'kukawaika m'nyumba zonga zosungiramo katundu ku Glendale. Ambiri anaona ngati ndi chiyambi cha kuchotsedwa ntchito. Koma m'malo onyozekawo ndi m'mene munabadwira oyambirira mwa mafilimu amene tikukambawa. Achinyamata, gwirani mfundo imeneyi: ntchito yabwino siidikira nyumba yokongola.

Munthu amene ndikufuna mumukumbukire kwambiri ndi Howard Ashman, mlembi wa mawu a nyimbo. Iye ndi mnzake Alan Menken, wopeka maimbidwe, anachokera ku zisudzo za pa nsanja ku New York, kumene anatchuka ndi sewero la Little Shop of Horrors mu 1982. Ashman atafika ku Disney anasonkhanitsa ojambula n'kuwaphunzitsa kuti nyimbo m'filimu iyenera kusenza nkhani n'kuipititsa patsogolo. Ikatha nyimbo, woonera adziwe chinthu chimene sankachidziwa isanayambe. Anawaphunzitsanso kuti chakumayambiriro, mwininkhani aimbe chimene mtima wake ukulakalaka, kuti oonera amukonde ndi kuyenda naye mpaka kumapeto. Ndi chifukwa chake Ariel, mtsikana wa pansi pa nyanja mu The Little Mermaid, amaimba za kulakalaka moyo wa kumtunda, ndipo Belle wa mu Beauty and the Beast amaimba za kutopa ndi kamudzi kake.

Apa ndi pamene ine ndinadzidzimuka, chifukwa chiphunzitso chimenechi si chachilendo kwa ife. Agogo akayamba kuti "Padangokhala", ife n'kuvomera kuti "Tili tonse", tinkadziwa kuti pakatikati pa nthano pabwera nyimbo. Mwana wamasiye wotayidwa kuthengo amaimba, mbalame yoona zobisika imaimba, ndipo m'nyimbomo ndi m'mene chinsinsi chimaululikira. Mukachotsa nyimboyo nthano imagwa. Agogo athu sanapite ku sukulu ya zisudzo, koma lamulo limene linadzutsa Disney ankalidziwa kalekale, ndipo ankaligwiritsa ntchito usiku uliwonse pamoto.

The Little Mermaid anaitsogolera Ron Clements ndi John Musker, pochokera pa nthano ya Hans Christian Andersen wa ku Denmark, ya 1837. Isanathe kukonzedwa anaionetsa kwa ana kuti aone m'mene aiilandirire. Pa nyimbo ija ya Ariel, yotchedwa Part of Your World, ana anaoneka otakataka, ndipo Katzenberg anafuna kuichotsa. Ashman, atsogoleri a filimu ndi Glen Keane, amene ankajambula Ariel, anakana kwamtuwagalu mpaka inatsala. Lero nyimbo imeneyo ndiyo mtima wa filimu yonse. Itatuluka mu Novembala 1989 inapeza madola 84 miliyoni ku America ndi mphotho ziwiri za Oscar, zonse za nyimbo. Nyumba imene inkagwa ija inaimanso.

Beauty and the Beast inakwera kuposa pamenepo. Mu Seputembala 1991 anaionetsa ku chikondwerero cha mafilimu cha New York isanathe n'komwe, mbali zina zikadali zojambula za pensulo, koma anthu anaimirira n'kuomba m'manja kwa nthawi yaitali. Inakhala filimu yoyamba ya makatuni kupikisana nawo pa mphotho ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti Ashman sanaione itatha. Ankalemba nyimbo zake akudwala Edzi, ndipo thupi litafooka kampani inkatumiza anzake kukagwirira ntchito kufupi ndi kwawo. Anamwalira pa 14 Malichi 1991 ali ndi zaka 40 zokha. Ife a kuno tikudziwa zimene matendawa anatichita m'zaka zomwezo, aphunzitsi, oimba ndi alembi amene tinawaika m'manda akadali ndi zambiri zoti atipatse. Mukamaonera nkhani ya chilombo chimene anthu akuchiopa ndi kuchisala, kumbukirani kuti wolemba nyimbo zake ankadziwa kusalidwa kuti n'chiyani.

Tsopano tione thukuta lake. Kuti chithunzi chioneke ngati chikuyenda, pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24. Filimu ya mphindi 80 ndiye kuti ili ndi zithunzi 115,200. Wojambula amakhala pa tebulo loyatsa nyali kunsi, mapepala atasanjikiza, akuwatembenuza ndi zala kuti aone ngati dzanja la Ariel likuyenda bwino. Pambali pake pamakhala kalilole, kuti akafuna kujambula nkhope yolira kapena yokwiya, ayambe wadziyang'ana yekha. Sabata yathunthu ikhoza kuthera pa masekondi ochepa. Kuyambira pa The Rescuers Down Under, ntchito yopaka mitundu inasamukira pa kompyuta, pa njira yotchedwa CAPS imene anakonza mothandizana ndi kampani ya Pixar. Komabe nyumbu zija zimene zinatikhalitsa chete m'kanyumba ka vidiyo zinatengera kagulu ka akatswiri zaka zoposa ziwiri, pomwe pa kanema zimatha mphindi zosakwana zitatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayina mazanamazana amene amayenda kumapeto kwa filimu, ife titayamba kale kutuluka, ndi umboni wakuti mutu umodzi susenza denga.

Aladdin ya 1992 inapeza madola oposa 500 miliyoni padziko lonse, kuposa filimu ina iliyonse chaka chimenecho. Anthu anakopeka kwambiri ndi mawu a Robin Williams, amene anasewera mzimu wa m'nyali. Koma pomwepa panaoneka bala loyamba. Aluya okhala ku America anadandaula kuti nyimbo yotsegulira filimuyi ikujambula dziko la makolo awo ngati la anthu ankhanza. Dandaulo linamveka, ndipo potulutsa filimuyi pa matepi a vidiyo mu 1993 kampani inasintha mizere ina. Apa pakubuka funso limene litiperekeze mpaka kumapeto: ukatenga nkhani ya eni ake n'kukaifotokozera dziko lonse, eni akewo uwaonetsa bwanji, ndipo apezapo chiyani?

Funsoli likutifikitsa pa The Lion King. Pamene inkakonzedwa, akatswiri ambiri odziwika anasankha kukagwira Pocahontas, poganiza kuti ndiyo idzapambane. Nkhani ya mikango inatsalira ambiri amene anali asanatchuke, motsogozedwa ndi Roger Allers ndi Rob Minkoff. Mu 1991 ena mwa okonza anapita ku Kenya kukaona okha nyama, mitengo, mitambo ndi maonekedwe a dziko. Mayina ena anawatenga ku Chiswahili: simba ndi mkango, rafiki ndi bwenzi. Nkhani yake ndi mkangano wa ufumu. Scar akupha mkulu wake Mufasa, n'kunamiza mwana kuti ndiye wapha bambo ake. Mwanayo akuthawira kutali, akukula moiwala kwawo, mpaka tsiku limene akukumbutsidwa kuti iye ndi mwana wa yani. Palibe mmodzi wa ife amene sanamvepo za bambo aang'ono olanda chuma cha ana amasiye, kapena za mudzi umene wagawanika chifukwa cha mpando. N'chifukwa chake nkhaniyi inatikhudza msanga.

Nyimbo zake anapeka Elton John ndi Tim Rice, maimbidwe apansi n'kukonza Hans Zimmer. Koma liwu lija limene limang'amba m'bandakucha filimu ikamayamba, dzuwa likutuluka, ndi la Lebohang Morake, wodziwika kuti Lebo M, mwana wa ku Soweto amene anachoka kwawo nthawi ya tsankho, ndipo akuimba m'Chizulu. Filimuyi inatuluka mu Juni 1994, patangopita milungu yochepa Nelson Mandela atalumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa South Africa. Inapeza madola oposa 750 miliyoni pa ulendo wake woyamba, inamasuliridwa m'Chizulu, ndipo mu 1997 inasanduka sewero la pa nsanja ku New York limene likuonetsedwabe mpaka lero. Chotsani liwu la Lebo M, muone ngati chiyambi chija chingakhale ndi mphamvu yomweyo.

Komatu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. M'filimu yomweyi muli kanyimbo kena kotchedwa The Lion Sleeps Tonight, kamene Timon ndi Pumbaa, anzake a mwana wa mkango uja, amaimba mwachidule. Gwero lake ndi nyimbo ya Mbube, imene Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambulitsa ku Johannesburg mu 1939, ku kampani ya Gallo. Linda anali Mzulu wogwira ntchito wamba, wosadziwa za mapepala a umwini, ndipo analandira kandalama kochepa. Nyimbo inaoloka nyanja. Pete Seeger ndi gulu la The Weavers anaiimba n'kuitcha Wimoweh, kenako mu 1961 gulu la The Tokens linaitulutsa ndi mawu a Chingerezi, ndipo inatchuka dziko lonse. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi, nyimbo yake ikulemeretsa anthu amene sanamuonepo. Mu 2000 mtolankhani Rian Malan analemba nkhaniyi m'magazini ya Rolling Stone, dziko n'kuchita manyazi. Mu 2004 maloya oimira banja la Linda anasumira Disney ku South Africa, ndipo mu 2006 panachitika mgwirizano ndi kampani ya Abilene Music, imene inkagulitsa chilolezo cha nyimboyo. Ana ake analandira malipiro, ndipo dzina la bambo awo linalembedwa pakati pa opeka. Chilungamo chinafika, koma mwini nyimbo anali atagona m'manda zaka 44.

Palinso nkhani ya maonekedwe. Africa wa mu The Lion King ndi wokongola zedi, koma mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Tarzan ya 1999, yochokera pa nkhani ya Edgar Rice Burroughs ya 1912, imachitikira m'nkhalango za Africa, muli anyani, njovu ndi azungu, koma munthu wakuda simumuona. Mwana wa ku Ulaya kapena ku Asia amene anakula ndi mafilimu awiriwa anaphunzira kuti kwathu kuno ndi malo a nyama. Pocahontas nayo inapotoza mbiri. Mtsikana weniweniyo anali mwana wa zaka ngati khumi kapena khumi ndi chimodzi pamene Mngelezi John Smith anafika ku Virginia mu 1607. Anadzakwatiwa ndi Mngelezi wina, John Rolfe, ndipo anamwalirira ku England mu 1617 akadali wamng'ono. Filimu inasandutsa zonsezi nkhani yokoma ya chikondi cha mtsikanayo ndi Smith, ndipo ambiri mwa eni nthaka a ku America zinawapweteka. Sindikunena izi kuti tidane ndi mafilimuwa. Ndimawakonda, ndipo luso lake ndimalilemekeza. Koma wofotokoza nkhani amaika zimene maso ake aona, n'kusiya zimene sakuzidziwa kapena zimene sizimupindulira.

Nanga zaka zokomazi zinatha bwanji? Chaka cha 1994, chimene kampani inafika pachimake, ndi chomwenso ming'alu inayamba. Mu Epulo Frank Wells anafa pa ngozi ya helikopita. Katzenberg anafuna mpando wake, Eisner anakana, ndipo Katzenberg anachoka n'kukayambitsa DreamWorks pamodzi ndi Steven Spielberg ndi David Geffen. Makampani anayamba kulimbirana ojambula, malipiro anakwera, mtengo wopangira filimu n'kukweranso. Mafilimu otsatira anali ndi zokoma zake. The Hunchback of Notre Dame inalimba mtima kukamba za chinyengo cha munthu wodzitcha wopembedza, ndipo Mulan inaonetsa mtsikana wopita kunkhondo m'malo mwa bambo ake okalamba. Koma oonera anayamba kuloweza kaphikidwe kake: wachinyamata wosakhutira, tinyama toseketsa, nyimbo yachikondi, mdani wogwa kumapeto. Ndiwo ngakhale ikome bwanji, ya tsiku ndi tsiku imakola. Nthawi yomweyo, mu Novembala 1995, Disney inatulutsa Toy Story, yopangidwa ndi Pixar, filimu yaitali yoyamba yopangidwa yonse pa kompyuta. Pofika 2004 situdiyo ya ku Florida imene inapanga Mulan inatsekedwa, ndipo mu 2006 Disney inagula Pixar pa madola 7.4 biliyoni.

Tsono ife titolepo chiyani? Choyamba, mphamvu ya filimu ili m'nkhani. Onani kumene Disney inakatola zake: ku Denmark, ku France, kwa Aluya, ku Greece, ku China. Inayenda dziko lonse kufunafuna chinthu chimene ife tili nacho chodzaza nkhokwe. Tili ndi Kalulu ndi Fisi, tili ndi Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankathawa mvula, tili ndi mbiri ya Mbona ku Khulubvi ndi ya Makewana ku Msinja. Chachiwiri, luso limafuna kudekha ndi kugwirizana. Woimba yekha, wolemba yekha, wojambula yekha, aliyense kumbali kwake, sitifika patali. Chachitatu, ntchito yako uilembetse. Kuno kwathu kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze umwini wa ntchito za luso. Musasaine pepala limene simunalimvetse, ngakhale ndalama ili pa tebulo, chifukwa safunsa anadya phula.

Njira inayamba kale kulambulidwa. Shemu Joyah watipatsa mafilimu monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Mu 2019 dziko linamva Chichewa mu The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Kwa anansi athu ku Zambia, Malenga Mulendema anayambitsa makatuni a Supa Team 4, a atsikana anayi a mu Lusaka, amene anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Kompyuta imene mnyamata ali nayo lero m'chipinda chake ili ndi mphamvu kuposa zimene akatswiri a ku Glendale ankagwiritsa ntchito mu 1990.

Pempho langa ndi ili. Mukapita kumudzi, khalani pansi ndi agogo akadali moyo. Tsegulani foni, muwajambule akusimba nthano, ndipo nyimbo yake musaidumphe. Lembani dzina lawo, mudzi wawo ndi tsiku. Mukabwerako, funani mnzanu wodziwa kujambula ndi wina wodziwa kuimba, muyambe ndi kafilimu ka mphindi zitatu. Aphunzitsi, apatseni ana mpata wosimba nthano m'chinenero chawo. Makolo, mwana akamajambula kumapeto kwa kope musamukalipire, mugulireni pensulo ina. Nkhani zathu tikapanda kuzifotokoza tokha, adzazifotokoza ena, ndipo adzatisiya kunja monga anachitira mu Tarzan, kapena kutilipira mochedwa monga anachitira ndi Solomon Linda. Pagule fumbi ndiwe mwini.